Khobidi lanu la Roma latuluka zobiriwira, likupepuka, kapena simukumudziwa mulungu ali kumbuyoko? Yambirani apa musanalitsuke

Mwezi ndi mwezi anzanga amene angoyamba kumene kusonkhanitsa makobidi a mafumu a Roma amanditumizira zithunzi pafoni, ndipo mafunso ake amakhala omwewomwewo: achimwene taonani latuluka zobiriwira, kodi ameneyu ndi mulungu uti, kodi sanandipusitse apa. Chomwe chimandiwawa n'chakuti kawirikawiri chithunzicho chimafika munthu atatsuka kale ndi mandimu, viniga kapena zokwechera mapoto, khobidi lili psuu ngati waya wa magetsi, nkhope ya mfumu yafufutika, ndiye palibenso chomwe ndingamuthandize. Khungu lomwe lili pa khobidi lakale linatenga zaka zoposa 1,600 kuti lipangike m'dothi ndipo likachoka lachoka basi.

Ine ndimakhala ku England, m'nyumba yomwe nthawi yozizira mawindo amachita thukuta, ndiye mavuto ambiri ali m'munsimu ndinakumana nawo patebulo langa lomwe. Musanachite chilichonse pezani izi, sizodula: sikelo ya digito yoyeza mpaka 0.01 g, lenzi yokuza ka 10, maginito, zotokosera m'mano zansungwi, madzi a distilled (madzi opanda michere) ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyontho.

## Khobidi la mkuwa lili ndi zobiriwira

Apa ndi pomwe anthu amalakwitsa kwambiri mbali zonse ziwiri, ena kutsuka chomwe chilibe vuto, ena kusiya matenda akudya khobidi.

1. Ndi patina, khungu labwinobwino. Ichi ndiye chofala zedi. Likakhala lolimba, losalala, lobiriwira moderako kapena lofiirira, ndipo mukakanda pang'ono ndi chotokosera m'mano silikuchoka, lisiyeni. Limenelo ndi lomwe likuteteza chitsulocho, komanso pa sestertius, khobidi lalikulu la mkuwa, khungu lokongola ndi lomwe limakweza mtengo.

2. Bronze disease. Mudzaidziwa chifukwa imakhala ufa, wobiriwira motuwa ngati choko, imatumphuka pamalo amodzi, ndipo mukaipukuta lero pakapita masabata angapo yabweranso. Chimachitika n'chakuti mchere wa chloride unalowa mu mkuwamo khobidi lili pansi, ndiye ukakumana ndi chinyontho ndi mpweya umapanga asidi, asidiyo amadya mkuwa n'kupanganso mchere womwewo, zimangozungulira choncho mpaka pachite dzenje.

Langa linali la mtundu wotchedwa antoninianus, la mfumu Gallienus, lija lolembedwa APOLLINI CONS AVG, kumbuyo kuli centaur, munthu kumtunda hatchi kumunsi, akukoka uta. Ndinaligula pamsika wina lili bwinobwino, ndinaliika m'diroo pafupi ndi khoma lakunja, ndiye pofika February ndikutsegula ndinangoona kachiphuphu kotuwa pamkono penipeni pomwe akukokera uta, nditakagunda ndi kansungwi kanangoyoyoka ngati phulusa ndipo pansi pake panali kadzenje kale. Mtima unandipweteka tsiku limenelo.

Chochita:
- Lichotseni pakati pa anzake lero lomwe, ndipo thireyi kapena kathumba komwe linali musaikemo lina.
- Tokosani ufa wonse pang'onopang'ono ndi nsungwi mukuyang'ana pa lenzi. Singano ayi, imakanda.
- Liviikeni m'madzi a distilled, kusintha madzi tsiku lililonse kapena masiku awiri aliwonse, kwa masabata angapo. Madzi a pampopi ayi, ali ndi chlorine ndi michere yomwe mukulimbana nayoyo.
- Ikabwerabe, ambiri amagwiritsa sodium sesquicarbonate wa 5 peresenti, koma dziwani kuti amatha kusintha kapena kuchotsa patina, ndiye muziliyang'ana tsiku ndi tsiku.
- Liumitseni mpaka liume gwa, kenako m'kabotolo kotseka bwino ndi silica gel. Chinyontho chikhale pansi pa 40 peresenti.
- Phula monga Renaissance Wax musafulumire kupaka. Mukapaka matenda asanathe mwangowafunditsa bulangete, adzadyera mkati inu osaona.

Amene mumapita nawo kumudzi makobidiwa, nyengo yadzinja m'madera achinyontho ngati kunyanja kapena ku Mulanje, kabati wamba sangakutetezereni, botolo ndi silica gel n'zofunika.

3. Pulasitiki ya PVC. Timatumba tofewa tija timatulutsa mafuta pakapita nthawi, khobidi limachita zobiriwira zonanda, zomata chala, ndipo izi zimagwira ndi siliva yemwe. Viikani mu acetone weniweni m'kabotolo kagalasi, osati uja wochotsera penti wa zikhadabo chifukwa muli mafuta ndi zonunkhira. Acetone amayaka msanga, chitani pamalo opita mphepo kutali ndi moto. Kenako sinthani, gulani timaenvulopu tapepala topanda asidi kapena mapulasitiki olembedwa kuti mulibe PVC.

4. Penti. Mukaviika mu acetone n'kuona madziwo asanduka obiriwira kapena achikasu ndiye kuti wina anapaka khungu labodza, nthawi zina pofuna kubisa maenje. Jambulani chithunzi, lankhulani ndi amene anakugulitsani.

Lekani n'kupita kwa katswiri wosamalira zinthu zakale ngati khobidi ndi lodula, ngati ufa ukuchokera pansi pa patina n'kumaitukula ngati nkhanambo, kapena mwauzidwa kuti pakufunika benzotriazole. Mankhwala amenewo ndi oopsa pathupi, si oseweretsa kukhitchini komwe mumaphikira ana.

## Likupepuka, kapena likungooneka mwachilendo

Yambani ndi sikelo. Denarius, khobidi la siliva, ya nthawi ya Augustus ndi Tiberius imakhala cha m'ma 3.7 mpaka 3.9 g, Nero atasintha ndalama mu 64 AD inatsikira cha pa 3.4 g, solidus ya golide ya Constantine ndi pafupifupi 4.5 g, sestertius ya zaka 100 zoyambirira za AD cha m'ma 25 g kupita m'mwamba pang'ono. Kusiyana pang'ono si vuto popeza ankasula pamanja. Kusiyana kwambiri ndiye funsani chifukwa.

1. Kutha ndi kudyeka. Khobidi loyenda m'manja zaka zambiri kapena lodyeka m'dothi limapepuka. Ngati nkhope yafafanizika mofanana ndi kupepukako, palibe chodabwitsa.
2. Lofeki lothira m'chikombole. Enieni ankawamenya ndi nyundo pakati pa zidindo ziwiri. Othira amakhala ndi zilembo zofewa ngati sopo wosungunuka, timabowo tozungulira ta thovu, timatuza, ndi mzere m'mphepete pomwe zikombole zinakumana, kapena zizindikiro za tupa pomwe anafuna kuubisa mzerewo. Mphepete muziyang'ana nthawi zonse, wogulitsa wokana kujambula mphepete musiyeni.
3. Lofeki lomenya ndi zidindo zatsopano. Awa ndi ovuta. Maso a mfumu amakhala achilendo, zilembo zofanana kwambiri ngati za makina. Njira yabwino ndi kufufuza m'zithunzi za makobidi ofeki zomwe osonkhanitsa amasunga pa intaneti, mukapeza lina lofanana ndi lanu mpaka mng'alu womwewo ndi kupindika komweko ndiye kuti onse ndi ana a chikombole chimodzi, makobidi enieni awiri safanana mawonekedwe a mphepete.
4. Fourrée. Lofeki lakalekale, mkati mkuwa kunja kachikopa ka siliva, analipanga akuba a nthawi ya Aroma omwewo. Mudzaona siliva akusupuka, pansi pakuoneka pofiira kapena pobiriwira. Ndi lakale ndithu ndipo ena timawakonda, bola mtengo wake ukhale wa fourrée.

Maginito akalikoka, nkhani yatha, Aroma sankasula makobidi achitsulo chokoka maginito. Koma kusakoka sikutanthauza kuti ndi lenileni.

Pali ena oti mukangomva dzina muchenjere. Denarius ya Tiberius yolembedwa PONTIF MAXIM, mayi atakhala pampando, yomwe anthu amati ndi ija Yesu anafunsa kuti chithunzi ichi n'cha yani pa Mateyu 22, imafekedwa kwambiri chifukwa aliyense wopemphera amaifuna. Sestertius ya Otho yochokera ku Roma kulibe, munthuyo analamulira miyezi itatu yokha mu 69 ndipo ku Roma anamusulira golide ndi siliva basi. Ndipo ma sestertius okongola mopitirira muyeso ena ndi aja amatchedwa Paduan, otsanzira ntchito ya Giovanni da Cavino wa ku Padua wa zaka za m'ma 1500, ndipo ambiri mwa amenewa ndi makope a makope.

## Siliva wada, kapena wasweka

- Wachita imvi, buluu pang'ono kapena wakuda mosalala: ndi mtundu wobwera ndi zaka, osonkhanitsa amaukonda. Osapukuta ndi polishi.
- Zotuwa kapena zofiirira zolimba ngati phula louma, zokwirira zilembo: mwina ndi horn silver. Iyi ndi ya katswiri.
- Siliva akuchoka pa antoninianus kapena follis (khobidi la mkuwa lopakidwa siliva): si lofeki. Pofika kumapeto kwa Gallienus m'ma 260 siliva mu antoninianus anali atatsika kufika pansi pa 5 peresenti, ankangopaka pamwamba. Kotsalako kasungeni, osapaka burashi.
- Mphepete ikuoneka ngati shuga, kapena kachidutswa kabenthuka: siliva wasanduka wofumbutuka mkati. Osaligwetsa patebulo kuti mumve kulira kwake, limasweka ngati bisiketi.

## Sindikudziwa kuti kumbuyoku kuli ndani

Apa ndiye pamene mtima wanga uli, chifukwa kwa ine kukoma konse kwa makobidiwa kuli kumbuyo. Mfumu inkalankhula ndi anthu osadziwa kuwerenga kudzera m'zithunzi zimenezi, msilikali ku Britain ndi wamalonda ku Alexandria onse ankadziwa kuti wanyamula chibonga ndi chikopa cha mkango ndi Hercules ngati mmene ife timadziwira chilembwe pa ndalama osawerenga dzina.

Chifukwa choyamba: mukuyang'ana nkhope m'malo moyang'ana m'manja. Nkhope za milungu pa khobidi laling'ono zimafanana zonse. Chomwe wanyamula, chomwe wavala kumutu ndi kanyama kali kumapazi ndi zomwe zimamuulula. Zimitsani getsi lapamwamba, walitsani tochi ya foni chammbali kuti mithunzi ituluke, ndiye muone:

- mphezi m'dzanja, ndodo yaitali, chiwombankhanga pansi: Jupiter
- chisoti chankhondo, mkondo, atasenza zida zolanda paphewa, nthawi zambiri ali maliseche: Mars
- mayi wachisoti ndi chishango, nthawi zina kadzidzi kumapazi: Minerva, wodzaza pa ma denarius a Domitian
- mkondo wa mano atatu, dolphin, phazi pamwamba pa mutu wa ngalawa kapena mwala: Neptune
- chisoti cha cheza cha dzuwa, dzanja lokweza, mpira wa dziko kapena chikwapu: Sol
- pikoko pambali: Juno
- chipatso m'dzanja: Venus
- ndodo yokulungidwa ndi njoka imodzi, bambo wandevu: Aesculapius
- mapiko, nkhata yamasamba ndi nthambi ya kanjedza: Victoria

Chachiwiri: si mulungu wa m'nthano, ndi khalidwe lovekedwa thupi la munthu. Aroma ankajambula mtendere, mwayi, chiyembekezo ngati amayi. Ambiri amanyamula nyanga yodzaza zipatso ndiye nyangayo siikuthandizani, yang'anani dzanja linalo. Chiwongolero cha ngalawa ndi Fortuna. Nthambi ya azitona ndi Pax. Wodyetsa njoka m'kambale ndi Salus. Woyenda atanyamula duwa kwinaku akukweza mpendero wa chovala ndi Spes, ndimamukonda ameneyu. Kachipewa kosongoka m'dzanja, kamene ankavala kapolo womasulidwa, ndi Libertas. Wa sikelo ndiye amavuta chifukwa Aequitas ndi Moneta onse amanyamula sikelo ndi nyanga, pamenepo muwerenge zilembo basi.

Chachitatu: awiri ofanana. Roma ndi Minerva onse ndi amayi achisoti, koma Roma kawirikawiri amakhala pansi pa zida atanyamula ka Victoria kakang'ono padzanja. Virtus amafanana ndi Mars koma amavala kamkanjo kakafupi ndipo amagwira lupanga lalifupi m'chimake. Ndipo mbalame ya pa timakobidi tina ta FEL TEMP REPARATIO ta m'ma 348, yoima pa mpira kapena pa mulu wa miyala, anthu amati chiwombankhanga, koma taonani kumutu kuli cheza chozungulira, ndi phoenix, mbalame yomwe imafa n'kubadwanso, uthenga wake unali woti nthawi zabwino zabwerera.

Chachinayi: mulungu sanajambulidwe, pali nyama yake. Gallienus cha m'ma 267 ndi 268, ufumu uli pamoto mbali zonse, anasula gulu lonse lopempha milungu kuti imuteteze, ndipo aliyense anamuimira ndi nyama: gwape kapena mbawala kwa Diana, nyalugwe kwa Liber Pater, hatchi yamapiko kwa Sol, mbuzi kwa Jupiter, hatchi ya mchira wa nsomba kwa Neptune, centaur kapena griffin (mkango wa mapiko ndi mutu wa chiwombankhanga) kwa Apollo. Mukaona CONS AVG kumapeto kwa mawu ndi nyama pakati, muli m'gulu limeneli, dzina la mulungu ndi liwu loyambalo. Si odula ndipo munthu ungathe zaka ukuwasaka onse.

Lina lomwe limabwera pafupipafupi ndi kakhobidi ka VRBS ROMA ka kuyambira 330, anthu amandifunsa kuti mfumu yachisotiyi ndani. Si mfumu, ndi Roma mwiniwake, ndipo kumbuyo ndi mmbulu ukuyamwitsa mapasa Romulus ndi Remus, nyenyezi ziwiri pamwamba zomwe ambiri amazitenga ngati mapasa enanso, Castor ndi Pollux. Nthawi zina mfumu ndi imene imavala umulungu, Commodus mu 192 anadzijambulitsa atafunda chikopa cha mkango kumutu, kumbuyo chibonga ndi mawu oti HERCVLI ROMANO. Ndipo ife a ku Africa tili namo, Hadrian anasula AFRICA, mayi wovala chikopa cha mutu wa njovu, ndi NILVS, nkhalamba ya mtsinje itatsamira, mvuu ndi ng'ona pambali.

Mukapeza mawu angapo ndi chithunzi, lembani pa OCRE, nkhokwe yaulere ya American Numismatic Society yomwe imatsata manambala a RIC (Roman Imperial Coinage, mabuku a mndandanda wa makobidi a mafumu a Roma), mudzapeza ofanana nalo.

## Dzina ndawerenga koma nkhope siikugwirizana

Kumbukani kaye kuti V amaimiranso U, ndiye AVG ndi Augustus, udindo osati dzina. IMP, CAES, P M, TR P, COS, P P onsewa ndi maudindo, ndipo manambala otsatira TR P ndi COS ndi amene amakupatsani chaka. S C pa mkuwa ndi Senatus Consulto, kutanthauza mwa chigamulo cha nyumba ya malamulo ya Aroma.

- ANTONINVS ali ndi eni ake angapo. Bambo wachikulire wandevu zodekha, ANTONINVS AVG PIVS, ndi Antoninus Pius wa 138 mpaka 161. Wandevu zopotana zazitali ndi M patsogolo ndi Marcus Aurelius. Wankhope yolusa, ndevu zazifupi, BRIT kapena GERM kumapeto, ndi Caracalla. Mnyamata wa masaya, nthawi zambiri nyenyezi kumbuyo kwa khobidi, ndi Elagabalus wa 218 mpaka 222.
- MAXIMIANVS wokhala ndi GAL VAL patsogolo ndi Galerius. Ndipo werengani bwino, MAXIMINVS ndi munthu winanso.
- CONSTANTINVS IVN ndi mwana, Constantine II. CONSTANTIVS ndi CONSTANS ndi abale ake, chilembo chimodzi chimasintha zonse.
- Chisoti cha minga ya dzuwa chimatanthauza khobidi la mtengo wowirikiza, dupondius kapena antoninianus yomwe Caracalla anayambitsa mu 215. Amayi achifumu pa antoninianus amakhala pa kamwezi.

Zilembo zapansi kumbuyo pa makobidi a m'ma 300 ndi komwe linasulidwa: PLN kapena PLON ndi London, TR ndi Trier, SIS ndi Siscia, ALE ndi Alexandria, SMN ndi Nicomedia. CONS samalani nayo, imaimira Constantinople koma Arles nayonso inatchedwapo Constantina.

## Khobidi ndi lakutha koma tsitsi ndi zilembo zili zakuthwa

Kawirikawiri wina analisema ndi kachitsulo, makamaka ma sestertius. Pa lenzi mudzaona mizere ya tsitsi yolowa pansi ngati yocheka ndi mpeni pomwe tsaya ndi khutu zili fulati, ndi bwalo lozungulira mutu losalala mopitirira. Choipa kwambiri ndi pamene asintha zilembo kuti mfumu wamba isanduke yosowa. Izi sizikonzeka. Ngati sanakuuzeni pogula, libwezeni.

## Pomwe muyenera kuima

- Golide aliyense, kapena khobidi lililonse lomwe mtengo wake ungakupwetekeni mukaluza: gulani kwa wogulitsa wopereka chitsimikizo cholembedwa choti adzakubwezerani ndalama likapezeka lofeki, ndipo muonetsenso katswiri wina.
- Electrolysis (kutsuka ndi magetsi), asidi, burashi yawaya, makina ogwedeza: ayi, ngakhale mwaona vidiyo yotani.
- Makobidi ongotuluka m'dothi ku Italy, Greece, Turkey kapena Egypt: malamulo a mayikowa salola kuwatulutsa popanda chilolezo. Funsani mbiri ya khobidi, linali kwa ndani, linagulitsidwa liti, ndipo sungani malisiti ndi timatikiti takale. Ngakhale akuluakulu zimawagwera, khobidi lagolide la Brutus la EID MAR linagulitsidwa ku London mu 2020 pamtengo woposa mapaundi 3 miliyoni, mbiri yake inapezeka kuti inali yabodza ndipo mu 2023 linabwezedwa ku Greece.
- Mukatola nokha kuno ku England kapena Wales: choyamba chilolezo cha mwini munda. Mukapeza awiri kapena kuposa a siliva kapena golide pamalo amodzi, kapena khumi a mkuwa, lamulo la Treasure Act la 1996 limafuna munene pasanathe masiku 14. Musakumbe mulu wonse nokha ndipo musatsuke, itanani Finds Liaison Officer, katswiri wolembetsa zinthu zakale zotoledwa, wa dera lanu. Ku Frome mu 2010 wotola anasiya mtsuko m'dothi n'kuitana akatswiri, anaufukula mosanjikiza mmene unalili, munali makobidi 52,503. Ku Scotland malamulo ndi ena, kumeneko mumanena chilichonse.

Popita kwa katswiri tengani zithunzi za mbali zonse ziwiri ndi mphepete, kulemera, kukula kwake mu mamilimita, ndipo mumuuze zoona zonse zomwe mwalipaka kapena kuliviikamo, zimamuthandiza kudziwa poyambira.

Centaur wanga uja anakhala m'madzi a distilled masabata asanu ndi limodzi. Kadzenje pamkono kalipo ndithu, kakuda, koma kouma. Ali m'botolo lakelake ndi silica gel, ndipo Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse ndimamutulutsa n'kuyang'ana pamkonopo ndi lenzi.